WODWALA KHANSA ASATAYIKE PANJIRA

Matenda ambiri amene abvutitsa anthu m'midzi amathera pa kiliniki ya pafupi. Wodwala malungo apimidwa magazi pacala, alandira mankhwala a masiku atatu, ndipo sabata isanathe wabwerera kumunda kwace. Koma khansa siyenda motero ai. Munthu mmodzi wodwala khansa amapita m'manja mwa anchito a zaumoyo ambiri, m'zipatala zitatu kapena zinai, kwa miyezi yocuruka, ndipo pakati pa cipatala cimodzi ndi cinzace pali mtunda wautali, ndalama za basi ndi masiku odikira.

M'mipata imeneyi ndimo mutayika odwala. Wina alandira kalata yopita nayo ku cipatala cacikulu koma aisunga m'sutukesi kufikira atakolola. Wina apimidwa, abwerera kumudzi, ndipo zotuluka zace zifika ku cipatala popanda wozitenga. Winanso ayamba mankhwala, amva bwino pang'ono, naleka. Anthu otere samwalira cifukwa cosowa dotolo kapena mankhwala. Amwalira cifukwa unyolo wa cithandizo unaduka pamalo amodzi, ndipo panalibe munthu woona msanga kuti waduka.

Ndico cifukwa cace zipatala zimene ziciza khansa zimaika mtima pa zinthu ziwiri: kuti anchito onse agwirizane pa wodwala aliyense, ndiponso kuti wodwalayo alondoledwe ndi dzina lace kuyambira tsiku loyamba kufikira lotsiriza. Banja la wodwala nalo lili ndi gawo lace m'nchito imeneyi.

ULENDO UYAMBIRA PA KILINIKI

Mwacitsanzo, mai wa ku midzi ya ku Lundazi wapeza cotupa colimba m'bere, cosapweteka. Munthu woyamba kumuona ndi namwino kapena wothandiza dotolo pa kiliniki ya kwao. Ameneyu alibe makina odziwira khansa. Nchito yace ndiyo kuzindikira kuti cotupaco si cithupsa wamba, ndi kulemba kalata yotumiza maiyo ku cipatala ca pa boma.

Ku cipatala ca pa boma dotolo amuonanso, ndipo ngati akayika amutumiza ku cipatala cokulirapo, monga Chipata Central Hospital kapena St Francis ku Katete. Kucokera ku Lundazi kufika ku Chipata ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 180. Kumeneko dotolo adula kamnofu kakang'ono pacotupa, nakaika m'kabotolo ka mankhwala a formalin kuti kasaole. Pakabotolopo palembedwa dzina la wodwala ndi nambala yace, ndipo katumizidwa kwa dotolo wopima minofu, amene akayang'ana ndi makina okulitsa zinthu zosaoneka ndi maso. Dotolo ameneyu yekha ndiye anganene motsimikiza kuti ndi khansa, ndi kuti ndi ya mtundu wanji. Madotolo a nchito imeneyi ndi ocepa m'dziko muno, cotero yankho limatenga masabata.

Yankho likabwera, nchito yotsatira ndiyo kudziwa pamene matenda afika. Ajambula cifuwa ndi X-ray, ayang'ana m'mimba ndi makina a sikani, napimanso magazi. Madotolo amagawa khansa m'masiteji anai. Pa siteji 1 khansa ikali yaing'ono pamalo pamene inayambira. Pa siteji 4 yafalikira ku ziwalo zakutali monga mapapo, ciwindi kapena mafupa. Khansa zambiri zikapezeka pa siteji 1 kapena 2 zimacizika, koma zikafika pa siteji 4 kawirikawiri madotolo angozicepetsa mphamvu ndi kuletsa ululu.

Odwala ofunika cithandizo capadera amatumizidwa ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka, pafupi ndi University Teaching Hospital. Cipatala cimeneci, coyamba ca mtundu wace m'Zambia, cinatsegulidwa mu 2007 ndi Mtsogoleri wa dziko wa nthawi imeneyo, a Levy Mwanawasa. Cisanamangidwe, odwala ofuna makina oocha khansa anali kutumizidwa ku South Africa ndi ku Zimbabwe, ndipo amene anali kupeza mwai umenewu anali owerengeka. Kucokera ku Chipata kufika ku Lusaka pa mseu wa Great East ndi makilomita oposa 550. Tsono mai wa ku Lundazi uja pofika pa khomo la cipatala ca khansa wapita kale m'zipatala zitatu, ndipo cithandizo ceniceni cikali kutsogolo.

MUTU UMODZI SUSENZA DENGA

Njira zazikulu zocizira khansa ndi zitatu. Yoyamba ndi opareshoni, kucotsa cotupa ndi mpeni. Yaciwiri ndi mankhwala amphamvu oyenda m'magazi, ochedwa chemotherapy, amene kawirikawiri aperekedwa m'diripu. Yacitatu ndi makina oocha khansa ndi mphamvu yosaoneka yonga ya X-ray, ndipo njira imeneyi ichedwa radiotherapy. Njira iliyonse ili ndi akatswiri ace, ndipo odwala ambiri afunika njira ziwiri kapena zonse zitatu.

Bvuto lagona pakuti njirazi ziyenera kutsatana mwadongosolo. Cotupa ca m'bere cikakhala cacikulu, nthawi zambiri madotolo amayamba ndi mankhwala kuti ciphwe, opareshoni ibwere pambuyo, makina oocha atsirize. Khansa ya khomo la cibaliro ikapitirira malire ena, opareshoni sithandiza, ndipo cofunika ndi makina oocha pamodzi ndi mankhwala. Dotolo mmodzi akagamula yekha, angathe kuyamba ndi cimene cinayenera kukhala cotsiriza.

Cifukwa ca ici, zipatala za khansa zili ndi mwambo wa msonkhano umene ucitika kawirikawiri, m'malo ambiri kamodzi pa sabata. Pamsonkhanopo pakhala dotolo wa opareshoni, dotolo wa mankhwala ndi makina a khansa, dotolo wopima minofu, dotolo wowerenga zithunzi za X-ray ndi sikani, ndiponso anamwino. Failo ya wodwala itsegulidwa, zithunzi zace zionetsedwa, ndipo aliyense anena cimene aona. Wopima minofu afotokoza mtundu wa khansa. Wowerenga zithunzi aloza pamene yafika. Namwino, amene amakhala nthawi yaitali ndi wodwala kuposa onse, ndiye auza anzace kuti maiyu acokera kutali, alibe wacibale mu Lusaka, ndipo wasiya ana aang'ono kumudzi. Mau a namwino ali ndi mphamvu, popeza dongosolo labwino pa pepala limene wodwala sangathe kulitsata ndi lopanda pace.

Kumbuyo kwa amenewa kuli anchito ena amene wodwala sawaona kawirikawiri. Wosunga mankhwala asakaniza mlingo woyenera molingana ndi msinkhu ndi kulemera kwa wodwala. Katswiri wa makina ayesa mphamvu ya makina oocha kuti isapitirire ndipo isacepe. Mlangizi wa zakudya athandiza wodwala amene waonda. Wa zosamalira anthu afufuza za malo ogona ndi za ulendo wobwerera.

Msonkhano wabwino umatha ndi zinthu zitatu zolembedwa m'failo: cimene cidzacitika, amene adzacicita, ndi tsiku limene cidzacitika. Cimodzi cikasowa, aliyense aganiza kuti mnzace ndiye wauza wodwala, ndipo mapeto ace palibe amene wamuuza.

Pofuna kutseka mpata umenewu, dotolo wina wa ku New York, Harold Freeman, anayambitsa njira yatsopano mu 1990 pa cipatala ca Harlem, m'dera la anthu osauka. Iye anaona kuti amai ambiri a kumeneko anali kufika mocedwa ndi khansa ya m'bere, ndipo ena anali kusowa atangopimidwa. Tsono anaika anthu apadera amene nchito yao inali kuperekeza wodwala aliyense pa sitepe iliyonse: kumukumbutsa tsiku, kumufunafuna akapanda kubwera, ndi kumuthandiza pa zobvuta za ndalama ndi za mayendedwe. Njira imeneyi inafalikira m'maiko ambiri. M'zipatala zina nchitoyi aigwira ndi namwino mmodzi wokhala ndi kaundula ndi lamya.

MASIKU OWERENGA

Anthu ambiri amadabwa cifukwa cimene anamwino a khansa amaumirira pa nkhani ya masiku. Cifukwa cace cili m'kayendedwe ka matendawa. Khansa ndi tizigawo ta thupi timene tayamba kubalana mosalekeza. Mankhwala ndi makina amapha gawo lina pa ulendo uliwonse, koma totsala timayambanso kubalana. Ulendo wotsatira uyenera kufika totsalato tisanabwerere pa ciwerengero cakale. Mlimi adziwa kuti munda wopalira theka n'kuusiya mwezi wathunthu ufuna kuyambanso poyamba.

Mankhwala a m'diripu kawirikawiri amaperekedwa kamodzi pa masabata atatu alionse, kwa maulendo angapo. Masabata atatuwo ndi opumitsa thupi, cifukwa mankhwalawa amacepetsanso magazi ndi asilikali a m'thupi olimbana ndi matenda. Ulendo uliwonse usanayambe, magazi apimidwa. Akapezeka ocepa, wodwala aikidwa magazi kapena adikira masiku angapo, ndipo dotolo ndiye agamula, osati wodwala yekha. Pakati pa tsiku la 7 ndi la 14 atalandira mankhwala, asilikali a m'thupi amakhala atatsika kwambiri. Wodwala akatentha thupi m'masiku amenewa ayenera kuthamangira ku cipatala ca pafupi tsiku lomwelo, usiku kapena usana, ndi kuuza anamwino kuti ali pa mankhwala a khansa.

Makina oocha nawo ali ndi masiku ace. Mai wodwala khansa ya khomo la cibaliro amagona pa makina tsiku lililonse kuyambira Lolemba kufikira Lacisanu kwa masabata pafupifupi asanu, mphindi zocepa cabe pa tsiku, ndipo kamodzi pa sabata alandira mankhwala ochedwa cisplatin ngati impso zace zili bwino. Pambuyo pace pali maulendo ena ocepa oocha ca mkati, pafupi ndi cotupa. Madotolo a m'maiko onse agwirizana kuti zonsezi zithe mkati mwa masabata asanu ndi atatu. Masiku akapitirira pamenepo, mwai wocira umacepa. Cotero mai amene wathawira kumudzi pa sabata yacitatu kuti akaone ana kapena akalire maliro wataya zambiri kuposa masiku amene wajomba.

Pali odwala ena amene akhalanso ndi kacirombo ka HIV. Kwa iwo kugwirizana kwa anchito ndi kofunika koposa, cifukwa kiliniki ya ma ARV ndi cipatala ca khansa ziyenera kudziwana. Ma ARV sayenera kulekedwa, ndipo wopita ku Lusaka ayenera kunyamula okwanira masiku onse amene akakhale kumeneko, pamodzi ndi khadi lace.

MALO ANAI OTAYIKIRAPO

Malo oyamba ali pakati pa kalata ndi ulendo. Cotupa ca khansa poyamba sicipweteka, ndipo munthu wosamva ululu saona cifukwa cogulitsira mbuzi kuti apeze ya basi. Mvula ikagwa aganiza zobzala, pambuyo pace zopalira, pambuyo pace zokolola, ndipo miyezi isanu ndi umodzi yatha. Ena amayamba apita kukatemera mphini pacotupa, nabwerera ku cipatala cilonda citaphulika.

Malo aciwiri ali pakati pa kupima ndi yankho. Wodwala wapereka nambala ya lamya ya mnansi amene wasamuka, kapena dzina lace lalembedwa mosiyana pa kalata, pa kabotolo ndi pa failo. M'cigawo ca Kum'mawa anthu ochedwa Phiri, Banda, Tembo, Zulu ndi Mwale ndi osawerengeka, ndipo munthu mmodzi angakhale ndi dzina la ubwana, la ubatizo ndi la kwa mwamuna. Yankho la munthu wotere likhoza kukhala m'kabati pamene mwini wace ali kumudzi kuganiza kuti popeza sanaitanidwe, ndiye kuti palibe cimene cinapezeka.

Malo acitatu ali pakati pa yankho ndi kuyamba cithandizo. Apa mdani wamkulu ndi mantha. Pali mphekesera yakuti khansa ikakhudzidwa ndi mpeni imafalikira, ndi yakuti wolowa m'makina oocha satulukamo wamoyo. Mphekesera zimenezi zinabadwa cifukwa anthu ambiri amafika ku cipatala matenda atakula kale, ndipo akamwalira anthu aloza cala opareshoni m'malo mwa kucedwa.

Malo acinai ali pakati pa cithandizo. Mankhwala a khansa amasanzitsa, amafooketsa, ndipo ena amathothola tsitsi. Zimenezi zimatha mankhwala akatha, ndipo tsitsi limameranso. Koma wodwala amene sanauzidwe zimenezi pasadakhale aganiza kuti mankhwala amupha, naleka. Winanso aleka cifukwa cotupa caphwa ndipo aganiza kuti wacira.

Pa malo onse anaiwa, cida cimene cipatala cili naco ndi kaundula wolembedwa bwino, amene aonetsa dzina la wodwala, mudzi wace, mfumu yace, kiliniki ya kwao, manambala a lamya, ndi tsiku limene ayenera kubwera. Tsikulo likapita iye osaoneka, namwino aimba lamya. Lamya ikalephera, uthenga upita ku kiliniki ya kwao, ndipo wa zaumoyo wa m'mudzi apalasa njinga kukamufuna. Njira imeneyi si yacilendo m'midzi. Ndi yomweyo imene yathandiza pa matenda a TB ndi pa ma ARV, ndipo mai aliyense amene anasungapo khadi la mwana la ku sikelo aidziwa.

ZIMENE KAUNDULA ANAONETSA

Kulemba bwino za odwala kumathandiza munthu mmodzi, komanso kumatsegula maso a dziko lonse. Mbiri ya mankhwala m'dera lino la Africa ili ndi zitsanzo ziwiri.

Mu 1958 dotolo wa opareshoni wa ku Kampala m'dziko la Uganda, Denis Burkitt, analemba za ana amene anali kubwera ndi zotupa za m'nsagwada zokula mofulumira kwambiri. Pofuna kudziwa kumene matendawa apezeka, anatumiza mapepala okhala ndi zithunzi ku zipatala za m'maiko ambiri a mu Africa. Mu 1961 iye ndi madotolo anzace awiri anayenda pa galimoto ulendo wa makilomita pafupifupi 16,000, napita m'zipatala zoposa 50, kuphatikizapo za m'dziko lino, limene panthawiyo linali Northern Rhodesia, ndi za ku Nyasaland. Paliponse anali kufunsa madotolo ndi kuyang'ana m'mabuku a odwala. Anapeza kuti matendawa acuruka m'malo otentha ndi a mvula yambiri, kumene malungo ali oopsa, ndipo asowa m'mapiri ozizira. Khansa imeneyi lero ichedwa ndi dzina lace. Imakula m'masiku owerengeka, koma imamvanso mankhwala msanga, ndipo ana ambiri amacira ngati afika mofulumira ndi kutsiriza maulendo onse.

Citsanzo caciwiri ndi ca pa University Teaching Hospital. Dotolo Anne Bayley anali ataona odwala khansa ya pakhungu yochedwa Kaposi kwa zaka zambiri, ndipo anali kuidziwa monga matenda oyenda pang'onopang'ono, ogwira makamaka miyendo ya amuna. Mu 1983 anaona kuti odwala atsopano anali osiyana: matenda anali kufalikira thupi lonse, odwala anali kuonda, ndipo anali kumwalira msanga. Cifukwa anali kusunga bwino mbiri ya odwala ace, anatha kuyerekeza akale ndi atsopano, nalengeza zimene anaona mu 1984. Ici cinali cimodzi mwa zizindikiro zoyamba zakuti matenda a AIDS afika m'dziko muno.

Lero maina a odwala khansa amasonkhanitsidwa m'kaundula wa dziko, Zambia National Cancer Registry. Kaundula wotere ndiye auza Unduna wa Zaumoyo mitundu ya khansa imene icuruka, kuti udziwe mankhwala ogula ndi anchito ophunzitsa. Khansa ya khomo la cibaliro ndiyo itsogola pakati pa amai m'Zambia. Zina zofala ndi ya m'bere, ya Kaposi, ndi ya prostate, kaciwalo ka amuna kamene kali m'munsi mwa cikhodzodzo. M'zipatala zambiri mbiri ya wodwala imalowetsedwanso m'makompyuta a SmartCare. Koma kompyuta imasunga cokhaco cimene yauzidwa, ndipo dzina lolakwika likhalabe lolakwika.

KUPIMA NDI KUCIZA TSIKU LIMODZI

Njira yabwino koposa yoletsa wodwala kutayika ndiyo kufupikitsa ulendo wace. Ici ndico cinacitika pa khansa ya khomo la cibaliro. Khansa imeneyi imayamba ndi kacirombo ka HPV, kamene kafala pogonana. Mwa amai ambiri thupi limakacotsa lokha, koma mwa ena kamakhalitsa, ndipo patapita zaka 15 kapena 20 kamabala khansa. Mwa mai amene thupi lace lafooka ndi HIV zaka zimenezi zingathe kutsika kufika pa 5 kapena 10. Bungwe la zaumoyo la dziko lonse, WHO, linapeza kuti mai wokhala ndi HIV ali pa ngozi ya khansayi kasanu ndi kamodzi kuposa mnzace amene alibe.

Mu 2006 Unduna wa Zaumoyo, pamodzi ndi bungwe la CIDRZ ndi madotolo a pa University Teaching Hospital motsogozedwa ndi Groesbeck Parham ndi Mulindi Mwanahamuntu, unayamba nchito yopima amai m'makiliniki a mu Lusaka. Namwino apaka viniga pa khomo la cibaliro, ndipo malo amene ayamba kudwala ayera. Ngati malowo ndi aang'ono, namwino yemweyo awaciza tsiku lomwelo ndi kacipangizo kozizira kwambiri kapena kotentha, mai asanabwerere kwao. Anamwino anapatsidwanso makamera ojambulira zimene aona, ndipo zithunzizo zinali kuonedwanso pa msonkhano wa anamwino ndi madotolo, kuti cokayikitsa cisapitirire. Nchito imeneyi inafalikira m'zigawo zonse za dziko.

Ngakhale pamenepa kulondola kufunikabe. Mai amene wacizidwa ayenera kubweranso pakatha caka kuti aone ngati malowo apola. Amene wapezeka ndi malo aakulu atumizidwa ku cipatala cokulirapo, ndipo kalata yace iyenera kufika kumene yalembedwera.

Katemera wa HPV anayesedwa m'cigawo ca Lusaka mu 2013, ndipo mu 2019 Boma linayamba kumupereka kwa atsikana m'dziko lonse. Mu 2020 bungwe la WHO linaika zolinga zitatu zoti maiko akwaniritse pofika 2030: atsikana 90 mwa 100 alionse alandire katemera asanapitirire zaka 15, amai 70 mwa 100 apimidwe, ndipo amai 90 mwa 100 opezeka ndi matenda alandire cithandizo. Colinga cacitatuci ndico cobvuta koposa, popeza cidalira kuti aliyense wopezeka ndi matenda asasowe.

GAWO LA BANJA NDI MUDZI

Anchito a cipatala, ngakhale agwirizane cotani, amaona wodwala masiku ocepa cabe. Masiku ena onse ali m'manja mwa acibale. Cotero banja liyenera kudziona monga mbali ya gulu lomuciza.

Coyamba, banja lisankhe munthu mmodzi wodalirika, wodziwa kuwerenga ngati alipo, amene aziperekeza wodwala pa maulendo onse. Operekeza akamasinthana, aliyense amamva cidutswa, ndipo palibe amene adziwa nkhani yonse. Munthu ameneyu akhale ndi kabuku kolembamo masiku, maina a mankhwala ndi mau a dotolo. Asacoke m'cipinda ca dotolo asanamve mayankho a mafunso awa: matendawa ndi ciani, afika pati, cotsatira ndi ciani, cidzacitika liti, kuti, ndipo pakabuka bvuto aimbire yani. Akulu anati safunsa anadya phula.

Caciwiri, mapepala onse asungidwe pamodzi m'pulasitiki, kutali ndi mvula ndi ciswe: kalata yotumizira, yankho la kamnofu, zithunzi za X-ray, khadi la cipatala, khadi la ma ARV, ndi la NHIMA ngati lilipo. Pepala la yankho la kamnofu ndilo lofunika koposa, popeza popanda ilo madotolo sayamba mankhwala a khansa, ndipo likatayika kupima kungayambikenso. Dzina loperekedwa m'zipatala zonse likhale limodzi, lolingana ndi la pa reji. Manambala a lamya aperekedwe awiri kapena atatu, ndipo nambala ikasintha cipatala ciuzidwe.

Cacitatu, yankho likacedwa, banja lisakhale cete. Tsiku limene anauzidwa likapita, abwerere ku cipatala kumene kamnofu kanadulidwa kukafunsa, kapena apemphe namwino wa pa kiliniki ya kwao kuti awafunsire.

Cacinai, ulendo wa ku Lusaka ukonzedwe monga ukonzedwa ukwati kapena maliro, mwa kukhala pansi acibale onse. Adziwe amene adzasamala ana, amene adzapalira munda, ndi kumene kudzacokera ndalama za basi zopita ndi zobwerera, osati za ulendo umodzi wokha. Amfumu, a makomiti a zaumoyo a m'midzi ndi magulu a amai a m'machalichi angathe kuthandiza kwambiri pamenepa. Anthu amene amasonkha ufa ndi nkhuni pa maliro angathe kusonkhanso munthu akali moyo.

Ndi bwinonso kuti mudzi udziwe kuti khansa sipatsirana. Kudya mbale imodzi ndi wodwala, kumusambitsa kapena kucapa zobvala zace sikupatsa munthu khansa. Mwamuna amene athawa mkazi wace cifukwa wacotsedwa bere kapena cibaliro amucotsera mphamvu pa nthawi imene aifuna koposa.

POBWERERA KUMUDZI

Cithandizo cikatha, cipatala cacikulu cimalemba kalata yobwerera nayo, yofotokoza zimene zinacitika ndi zimene ziyenera kutsatira. Kalata imeneyi ikaonetsedwe ku cipatala ca pa boma ndi ku kiliniki, kuti anchito a kumeneko adziwe munthu amene ali m'dera lao. Wodwala amaitanidwa kukaonedwanso pakapita miyezi yowerengeka m'zaka zoyamba, ndipo pambuyo pace maulendo amatalikirana. Amai ena a khansa ya m'bere amapatsidwa mapiritsi a tamoxifen akumwa tsiku lililonse kwa zaka zisanu kapena kuposapo, ngakhale akumva bwino.

Pali ena amene matenda ao anapitirira pocizika. Amenewa nawo sayenera kufafanizidwa m'kaundula. Pali mankhwala oletsa ululu, kuphatikizapo morphine, pali njira zotsukira zilonda kuti zisanunkhe, ndipo pali anamwino ophunzira nchito yosamalira odwala otere. Munthu amene sangacire angathebe kugona tulo, kudya, kuceza ndi adzukulu ace ndi kulongosola za banja lace.

Zizindikiro zofunika kufulumira nazo ku kiliniki ndi izi: cotupa ciliconse cimene cikula, makamaka m'bere, m'khosi kapena m'khwapa, kutaya magazi kwa mai pamene si nthawi yace, atagonana, kapena atasiya kale kusamba, cilonda cosapola, kubvutika pomeza cakudya, kubvutika pokodza kwa bambo wacikulire, kuonda kosadziwika cifukwa cace, ndiponso mwana wotupa nsagwada kapena mimba, kapena wokhala ndi kadontho koyera pakati pa diso. Zimenezi sizitanthauza khansa nthawi zonse, koma wonena zoona zace ndi wa cipatala. Amene wapatsidwa kalata anyamuke nayo sabata yomweyo, ndipo amene wapatsidwa tsiku alisunge.